Chimene chimachititsa kuti buluzi aswedwe wamwamuna kapena wamkazi

Aliyense amene anaphunzira sayansi ya zamoyo ku sekondale amadziwa kuti mwana wa munthu amakhala wamkazi akalandira makromozomu awiri a X, ndipo amakhala wamwamuna akalandira X ndi Y. Zimenezi nzoona kwa anthu, ng'ombe, mbuzi ndi pafupifupi nyama zonse zoyamwitsa. Vuto limabwera tikaganiza kuti chilengedwe chonse chimayenda motero. Abuluzi, omwe alipo mitundu yoposa 7,000 ndipo yambiri ili m'madera otentha, amachita zosiyanasiyana. Ena ali ndi X ndi Y ngati ife. Ena ali ndi Z ndi W ngati nkhuku, pomwe wamkazi ndiye amakhala ndi makromozomu osiyana. Ena alibe makromozomu oterewa, ndipo kutentha kwa dothi limene dzira lakwiriridwamo ndiko kumagamula. Palinso mitundu imene ilibe aamuna n'komwe. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani nkhani yofunika chonchi pa kuberekana imasinthasintha mwa abuluzi pomwe mwa mbalame ndi nyama zoyamwitsa inakhazikika kalekale? Ine ndikuona kuti makromozomu ndi kutentha si njira ziwiri zotalikirana monga ankaphunzitsira kale, komanso kuti zambiri zimene zinalembedwa zokhudza abuluzi a m'madera otentha zimasonyeza mphamvu ya zida zimene ofufuza anali nazo kuposa mmene abuluziwo alili.

Kromozomu ndi chiyani, ndipo amaiona bwanji

M'kati mwa selo lililonse muli DNA, ulusi wautali umene uli ndi malangizo a mmene thupi limangidwire. Ulusiwu sukhala umodzi. Umagawika m'zigawo zingapo, ndipo chigawo chilichonse chikakulungidwa chimatchedwa kromozomu. Pa kromozomu iliyonse pamakhala majini ambiri, ndipo jini ndi kachigawo ka DNA kamene kali ndi ntchito yakeyake. Makromozomu amakhala awiriawiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Munthu ali nawo 46, chiwerengero chimene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anachitsimikizira mu 1956, anthu atakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti ndi 48. Kulakwitsa kumeneku pa munthu, yemwe makromozomu ake ndi akuluakulu ndithu, kukutithandiza kumvetsa mmene ntchitoyi inalili yovuta pa buluzi.

Makromozomu amaoneka bwino pa nthawi imene selo likugawikana. Wofufuza amatenga maselo a m'magazi, a m'mafupa kapena a kunsonga ya mchira, n'kuwathira mankhwala otchedwa colchicine amene amaimitsa selo pakati pa kugawikana. Kenako amawaika m'madzi a mchere wochepa kuti afufume, amawadonthezera pagalasi, amawapaka utoto, n'kuwajambula pa maikulosikopu. Akatero amadula chithunzicho n'kundandalika makromozomu awiriawiri kuyambira aakulu mpaka aang'ono. Ngati awiri ena sakufanana mwa aamuna okha kapena mwa aakazi okha, amenewo ndiwo makromozomu osiyanitsa amuna ndi akazi.

Abuluzi ali ndi khalidwe limene limasokoneza njira imeneyi. Mofanana ndi mbalame, ambiri ali ndi makromozomu a misinkhu iwiri: ochepa akuluakulu, ndi ambiri ang'onoang'ono amene pa maikulosikopu amangooneka ngati timadontho. Buluzi wobiriwira wa ku America wotchedwa Anolis carolinensis ali ndi makromozomu 36, mwa iwo 12 aakulu ndi 24 ang'onoang'ono. Ng'azi zili ndi 40, aakulu 16 ndi aang'ono 24. Nthawi zambiri X ndi Y kapena Z ndi W zimabisala pakati pa timadonthoti, ndipo diso silingasiyanitse kadontho kena ndi kanzake.

Mbiri ya kafukufukuyu

Mu 1905, Nettie Stevens wa ku America anasonyeza kuti mwa kachikumbu kotchedwa Tenebrio molitor, kamphongo kamakhala ndi kromozomu imodzi yaing'ono imene kakakazi kalibe. Chaka chomwecho Edmund Wilson anapeza zofanana mwa tizilombo tina. Kuyambira pamenepo maganizo akuti makromozomu ndiwo amagamula anakhazikika, ndipo anakhazikika kwambiri moti zotsutsana nawo zinkaoneka ngati zolakwika za wofufuza.

Chaka cha 1966 n'chofunika pa nkhani ya abuluzi, chifukwa m'chaka chimenechi munatuluka zinthu ziwiri zoloza mbali zosiyana. George Gorman ndi Leonard Atkins anafalitsa umboni wakuti abuluzi ena aamuna a mtundu wa Anolis ali ndi makromozomu osafanana, kusonyeza kuti abuluzi nawonso amayendera X ndi Y. M'chaka chomwecho Madeleine Charnier, yemwe ankagwira ntchito pa yunivesite ya ku Dakar m'dziko la Senegal, analemba lipoti lalifupi m'Chifalansa lonena za gulo wa mutu wofiira wa kumadzulo kwa Africa, amene pa nthawiyo ankamutcha Agama agama. Mazira amene anawasunga pa madigiri 26 mpaka 27 anaswa pafupifupi aakazi okhaokha, pomwe amene anawasunga pa madigiri 29 anaswa aamuna. Aka kanali koyamba kuti munthu asonyeze kuti kutentha kungagamule zimenezi mwa nyama ya msana. Lipotilo silinamveke kwa zaka zingapo. Linayamba kukhulupirika Claude Pieau wa ku France atapeza zofanana mwa akamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ng'ona zonse zimayendera kutentha, chimodzimodzinso akamba ambiri.

Pofika mu 1980, pamene James Bull analemba ndemanga yake yotchuka ya nkhaniyi, nyama zokwawa zinali zitagawidwa m'magulu awiri: zoyendera majini ndi zoyendera kutentha. Kagawidweka kanali kothandiza, koma kanabala chizolowezi choipa. Wofufuza akayang'ana pa maikulosikopu n'kusaona kusiyana pakati pa wamwamuna ndi wamkazi, ena ankafulumira kunena kuti mtunduwo uyenera kuti umayendera kutentha. Koma kulephera kuona chinthu si umboni wakuti kulibe. Buluzi wa Anolis carolinensis uja ankaoneka wopanda makromozomu osiyana, mpaka DNA yake yonse itawerengedwa mu 2011, ndi pamene zinaoneka kuti X yake ndi kamodzi mwa timadontho tija.

Zimene zida zatsopano zavumbula

Zaka makumi awiri zapitazi zasintha nkhaniyi chifukwa cha njira zitatu. Yoyamba ndi yopaka DNA ya wamwamuna utoto wowala wa mtundu wina, ya wamkazi wa mtundu winanso, n'kuzithira pa makromozomu kuti paoneke malo amene mbali imodzi yokha ikumamatira. Yachiwiri ndi yowerenga kuchuluka kwa jini m'thupi: ngati jini ili pa X koma pa Y palibe, wamkazi amakhala nayo kawiri pomwe wamwamuna kamodzi. Yachitatu, yotchedwa RAD-seq, ndi yowerenga tizidutswa ta DNA masauzande ambiri mwa aamuna angapo ndi aakazi angapo, n'kufufuza tizidutswa topezeka mbali imodzi yokha. Tikapezeka mwa aamuna okha ndiye kuti pali Y, tikapezeka mwa aakazi okha pali W.

Zotsatira zake zasonyeza zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana, ndipo zonse nzoona. Choyamba, pali mabanja akuluakulu a abuluzi amene sanasinthe kwa nthawi yaitali kwambiri. Gulu la Michail Rovatsos ndi Lukáš Kratochvíl pa Charles University ku Prague linasonyeza mu 2014 kuti abuluzi a fuko la iguana, kuphatikizapo a Anolis omwe alipo mitundu pafupifupi 400 ku Caribbean ndi ku Central ndi South America, ali ndi X ndi Y zochokera kwa kholo limodzi la m'nthawi imene madinaso anali akadalipo. Ndi banja limodzi lokha, la abuluzi a basilisk, limene linapezeka kuti linasiya makromozomu akalewo n'kutenga ena. Ng'azi nazonso n'zokhazikika. Max King ndi mnzake anaona Z ndi W mwa ng'azi zina mu 1975, kuphatikizapo Varanus niloticus, ng'azi ya m'madzi imene imapezeka m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, ndipo kafukufuku wa 2019 anasonyeza kuti ng'azi za ku Africa, Asia ndi Australia zili ndi Z ndi W zofanana. Abuluzi osalala a banja la Scincidae, omwe ankanenedwa kuti amasinthasintha, anapezeka mu 2021 kuti ambiri asunga X ndi Y zomwezo kwa zaka pafupifupi 85 miliyoni.

Chachiwiri, pali mabanja ena osakhazikika. Analimata ndiwo aposa onse. Tony Gamble ndi anzake, pogwiritsa ntchito RAD-seq mu 2015, anawerengera kuti analimata asintha njira yogamulira pakati pa maulendo 17 ndi 25. Mumtundu umodzi wa Hemidactylus, womwe ndi wa analimata amene timawaona pakhoma usiku akusaka tizilombo pafupi ndi nyale, muli ena a X ndi Y ndiponso ena a Z ndi W. Enanso osakhazikika ndi ananzikambe, kapena kuti abilimankhwe. A mtundu wa Furcifer ku Madagascar ali ndi Z ndi W, ndipo mwa Furcifer pardalis wamkazi ali ndi ma Z awiri osiyana ndi W imodzi. Koma Chamaeleo calyptratus wa ku Yemen, yemwe ndi wachibale wa bilimankhwe wamba wa m'tchire mwathu, anapezeka mu 2018 kuti ali ndi X ndi Y. Ku Brazil, ofufuza a pa yunivesite ya São Paulo motsogozedwa ndi Yatiyo Yonenaga-Yassuda ndi Miguel Trefaut Rodrigues anafotokoza tiabuluzi ta Calyptommatus tokhala mumchenga wa m'mphepete mwa mtsinje wa São Francisco, momwe wamkazi ali ndi makromozomu 58 pomwe wamwamuna ali ndi 57, chifukwa Y inalumikizana ndi kromozomu ina wamba n'kukhala imodzi.

Mfundo yofunika apa ndi yakuti dzina loti X kapena Z silitanthauza kromozomu imodzimodzi m'zamoyo zonse. Ndi dzina la ntchito basi. Ofufuza akayerekezera ndi nkhuku, amapeza kuti X ya iguana ili ndi majini amene mwa nkhuku ali pa kromozomu 15, Z ya ng'azi ikufanana ndi kromozomu 28 ya nkhuku, pomwe Z ya nalimata wa ku East Asia wotchedwa Gekko hokouensis ikufanana ndi Z ya nkhuku yeniyeniyo. Izi zikusonyeza kuti kromozomu wamba iliyonse ingathe kupatsidwa udindowu ngati pa iyo pamera jini yogamula.

Mmene chigamulo chimachitikira m'dzira

Kuti timvetse chifukwa chake kusinthaku n'kotheka, tiyenera kuyang'ana m'kati mwa mluza. Poyamba mluza uliwonse umakhala ndi ziwalo zoberekera zimene sizinakhale zachimuna kapena zachikazi. Pali gulu la majini, monga DMRT1, SOX9 ndi AMH, limene likalimba limapanga machende. Pali gulu lina, lokhala ndi FOXL2 ndi jini yopanga aromatase, limene likalimba limapanga chiwalo chotulutsa mazira. Aromatase amasandutsa mahomoni achimuna kukhala achikazi, n'chifukwa chake mwa nyama zokwawa zambiri kupaka dzira mahomoni achikazi kumatulutsa wamkazi, ndipo kulipaka mankhwala oletsa aromatase kumatulutsa wamwamuna. Magulu awiriwa amaponderezana, ndipo limene layamba kupambana limatsekereza linzake. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri: mbali ina ikangolemerako pang'ono, yonse imapendekera komweko.

Majini a m'magulu awiriwa ndi akale, ndipo amapezeka mwa nsomba, achule, mbalame ndi anthu. Chimene chimasiyana ndi choyambitsa. Mwa nyama zoyamwitsa choyambitsa ndi jini ya SRY ya pa Y, imene inapezeka mu 1990, ndipo abuluzi alibe. Mwa nkhuku ndi kuchuluka kwa DMRT1, imene tambala ali nayo kawiri pomwe thadzi kamodzi. Mwa ng'azi, jini ya AMH ili pa Z, ndipo ndiyo ikuganiziridwa kwambiri. Mwa nyama zoyendera kutentha, choyambitsa chimachokera kunja kwa dzira. Kafukufuku wa 2018 pa kamba wa ku America wa makutu ofiira anasonyeza kuti kukazizira jini ya KDM6B imagwira ntchito n'kutsegula DMRT1, ndipo ikatsekedwa mazira amene akanaswa aamuna amaswa aakazi. Choncho kutentha sikupanga njira yakeyake. Kumangokhudza makina omwewo amene jini yogamula imakhudza.

Umboni wamphamvu wa mfundoyi unachokera kwa buluzi wa ku Australia wotchedwa Pogona vitticeps, wa banja limodzi ndi gulo. Tariq Ezaz ndi anzake a pa yunivesite ya Canberra anapeza mu 2005 kuti ali ndi Z ndi W zazing'ono kwambiri. Mu 2007 Alexander Quinn ndi anzake anasonyeza kuti kutentha kukapitirira madigiri 32, miluza ya ZZ, yomwe inayenera kukhala yaimuna, imayamba kusanduka yaikazi. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti kuti buluziyu akhale wamwamuna pamafunika mlingo wa jini wochokera ku ma Z onse awiri, ndipo kutentha kwambiri kumafooketsa mlingowo mpaka kufanana ndi wa amene ali ndi Z imodzi. Mu 2015 Clare Holleley ndi anzake anapeza aakazi 11 a ZZ pakati pa abuluzi 131 ogwidwa m'tchire. Aakazi amenewa amabereka, ndipo amaikira mazira ochuluka kuposa anzawo a ZW. Akakwerana ndi wamwamuna, yemwenso ndi ZZ, ana onse amakhala a ZZ, W n'kutheratu mu m'badwo umodzi, ndipo chotsala chogamula chimakhala kutentha kokha. Mwa buluzi wina wa m'mapiri ozizira a ku Australia, Bassiana duperreyi, zimachitika mosemphana: kuzizira kumasandutsa mluza wa XX kukhala wamwamuna.

Pamene akatswiri amasiyana

Pali magulu awiri a maganizo. Stephen Sarre, Arthur Georges ndi Quinn a ku Canberra ananena mu 2004 kuti kuyendera majini ndi kuyendera kutentha ndi nsonga ziwiri za mzere umodzi, ndipo mtundu wa buluzi ungathe kukhala pena paliponse pakati, n'kumasunthira uku ndi uku. Martina Pokorná ndi Kratochvíl anayankha mu 2009 kuti mbiri ya mabanja a abuluzi ikusonyeza ulendo wolowera mbali imodzi. Malinga ndi iwo, makolo a nyama zokwawa ankayendera kutentha, ndipo banja likangopeza makromozomu ogamula okhwima silibwereranso. Chifukwa chake n'chomveka. Y kapena W ikakhala nthawi yaitali osasinthana zigawo ndi inzake imataya majini ambiri, moti mwana wolandira YY kapena WW sakhala moyo, komanso nthawi zina wosandukayo sabereka bwino. Zikatero kusiya makromozomuwo kumakhala kodula.

Wotsutsa maganizo anga anganene kuti Pogona ndi buluzi mmodzi, wa m'chipululu osati wa m'nkhalango yotentha, ndipo sitingamange chiphunzitso chonse pa iye pomwe iguana, ng'azi ndi abuluzi osalala, omwe pamodzi ndi mitundu masauzande, sanagwedezeke kwa zaka mamiliyoni ochuluka. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo amene amalemba ngati kuti buluzi aliyense angasanduke wamkazi dzuwa likaomba amakokomeza. Komabe siigwetsa mfundo yaikulu. Bassiana ndi wa banja la abuluzi osalala lomwelo lokhala ndi X ndi Y zakale, koma kuzizira kumamusinthabe. Ku Tasmania kuli buluzi wina wosalala wobereka ana amoyo, amene kafukufuku wa 2010 anasonyeza kuti m'zigwa kutentha kumakhudza chiwerengero cha ana aamuna ndi aakazi pomwe m'mapiri sikukhudza. Ndiye kuti kukhazikika kwa makromozomu sikutseka khomo la kutentha kotheratu. Mmene ndikuonera, magulu awiriwa akuyankha mafunso osiyana. A ku Canberra akufotokoza zimene zingatheke m'kati mwa dzira, pomwe a ku Prague akufotokoza zimene zakhala zikuchitika kawirikawiri m'mbiri. Chosiyanitsa banja lina ndi linzake ndi mmene Y kapena W yafotera ndiponso mmene jini yogamula yagwirira mwamphamvu.

Mtsutso wina ndi wokhudza ubwino wa umboni, ndipo apa a ku Prague athandiza kwambiri. Kupeza aakazi ambiri pa kutentha kwina sikukwanira kunena kuti kutentha kwagamula. Mwina miluza yaimuna yafera m'mazira, ndiye wofufuza ayenera kuwerenganso mazira amene sanaswe. Mwina ana anali ochepa kwambiri, ochokera kwa mayi mmodzi kapena awiri. Mwinanso wofufuza analakwitsa pozindikira, chifukwa tiana ta abuluzi timafanana, ndipo mwa Pogona miluza yaikazi imayamba yamera ziwalo zachimuna zimene zimadzafota pambuyo pake. Chamaeleo calyptratus ankanenedwa ndi oweta kuti amayendera kutentha, mpaka Robin Andrews atayesa mosamala mu 2005 n'kupeza kuti kutentha sikusintha kanthu. Ngakhale gulo wa Charnier anayesedwanso. Mu 2018 Ariel Steele, Thane Wibbels ndi Daniel Warner anabwereza ntchitoyo pa gulo wa mutu wofiira, amene tsopano amatchedwa Agama picticauda, ndipo anatsimikiza kuti kutentha kumagamuladi, koma osati mophweka monga zinkaonekera: aakazi amachuluka pozizira ndi potentha kwambiri, aamuna amachuluka pakati. Charnier anayesa zigawo ziwiri zokha za kutentha, ndiye anaona theka la nkhani.

Phindu la kuyendera kutentha

Ngati makromozomu amapereka theka aamuna theka aakazi popanda vuto, n'chifukwa chiyani mtundu wina ungasiye chigamulo m'manja mwa nyengo? Eric Charnov ndi Bull anapereka yankho mu 1977. Ngati malo amene mwana akukulira amapindulitsa wamwamuna ndi wamkazi mosiyana, ndi bwino kuti mwanayo adikire aone malowo asanasankhe. Warner ndi Richard Shine anayesa zimenezi mu 2008 pa buluzi wa ku Australia wotchedwa Amphibolurus muricatus. Pogwiritsa ntchito mankhwala oletsa aromatase, anapanga aamuna pa kutentha kumene mwachibadwa kumaswa aakazi, n'kuwalera mpaka kubereka. Aamuna oswedwa pa kutentha kwawo kwachibadwa ndiwo anabereka ana ambiri kuposa opangidwawo. Ichi ndi chitsimikizo chabwino, koma ndi cha mtundu umodzi wa m'dera limene nyengo yozizira ndi yotentha zimasiyana kwambiri. M'madera otentha, kumene dothi silisintha kwambiri kutentha chaka chonse ndipo nyengo imasiyanitsidwa ndi mvula, phindu lotere liyenera kuchokera kwina, monga kusiyana kwa malo amthunzi ndi apadzuwa kapena kwa mazira oikiridwa mvula isanagwe ndi oikiridwa itagwa. Akatswiri sanagwirizanebe ngati yankho la Charnov ndi Bull limafikanso kumeneko, kapena ngati mitundu ina imangoyendera kutentha chifukwa makolo ake ankatero ndipo palibe chinaikakamiza kusintha.

Abuluzi obereka popanda wamwamuna

Kubereka popanda wamwamuna kukuoneka ngati nkhani ina, koma kumaunikira makromozomu mwa njira yosayembekezereka. Ilya Darevsky anapeza mu 1958 abuluzi a m'mapiri a Caucasus omwe onse ndi aakazi. Mitundu yambiri yotere inayamba pamene mitundu iwiri yosiyana inakwerana. Nalimata wa m'zilumba za Pacific wotchedwa Lepidodactylus lugubris ndi chitsanzo, ndipo ena mwa iwo ali ndi makromozomu 44 pomwe ena ali ndi 66, kutanthauza magulu atatu m'malo mwa awiri. Mwa abuluzi oterewa selo lopanga dzira limayamba lachulukitsa makromozomu ake kawiri lisanagawikane, moti mwana amatengera mayi ake ndendende.

Ng'azi yaikulu ya ku Komodo m'dziko la Indonesia imachita mwina. Mu 2006 kunalengezedwa kuti zazikazi ziwiri, Flora ya ku Chester Zoo ndi Sungai ya ku London Zoo, zinaikira mazira amoyo popanda yamphongo. Ana awo anali aamuna okhaokha. Chifukwa chake ndi chakuti dzira limatenga Z kapena W, kenako limadziwirikiza lokha kukhala ZZ kapena WW. WW sikhala moyo, ndiye otsala ndi ZZ. Lamulo lomweli linathandiza kukonza cholakwa chakale pa njoka. Kwa zaka pafupifupi 50 ankaphunzitsa kuti njoka zonse zili ndi Z ndi W, koma njoka ya boa itabereka yokha inatulutsa ana aakazi okhaokha, zomwe sizikanayembekezereka. Mu 2017 Gamble ndi anzake anasonyeza kuti boa ndi nsato zimene anayesa zili ndi X ndi Y, ndipo anawo anali XX.

Ntchito ya chidziwitsochi

Amene amayamba kupindula ndi osunga nyama zimene zatsala pang'ono kutha. Ng'azi ya ku Komodo ndi yovuta kuizindikira ndi maso ikadali yaing'ono, koma kadontho ka magazi n'kokwanira kusonyeza ngati ili ndi W. Osunga nyama anaphunziranso kuti kusunga yaikazi yokha kwa nthawi yaitali kungabweretse ana aamuna okhaokha amene majini awo ndi a mayi yekha, zomwe zimafooketsa mtundu. Oweta analimata a mawanga a ku Pakistan ndi Afghanistan, Eublepharis macularius, amasankha okha ana amene akufuna: pa madigiri pafupifupi 26 amapeza aakazi, pafupi ndi 32 amapeza aamuna ambiri. Woweta abilimankhwe akatengera zomwezo amangoika mazira pangozi popanda phindu lililonse.

Nkhani yaikulu ndi ya kusintha kwa nyengo. Kumpoto kwa Great Barrier Reef, kafukufuku wa 2018 anapeza kuti mwa akamba obiriwira aang'ono ochokera m'magombe otentha, oposa 99 pa 100 alionse anali aakazi. Sitiyenera kungosamutsa chiwerengero chimenechi n'kuchiika pa abuluzi. Ambiri a iwo amayendera majini, amakula msanga, ndipo wamkazi angathe kukumba mozama kapena kusankha pamthunzi. Komanso kutentha kwa m'chisa kumakwera masana n'kutsika usiku, mosiyana ndi kwa m'makina oswetsera mazira a mu labotale, moti madigiri opezeka kumeneko sangagwiritsidwe ntchito m'tchire popanda kuwakonza. Ngozi yoyamba kwa buluzi wa m'nkhalango yotentha ndi ina. Raymond Huey ndi anzake anasonyeza mu 2009 kuti abuluzi oterewa amakhala kale pafupi ndi malire a kutentha kumene matupi awo angapirire, ndipo Barry Sinervo ndi anzake anawerengera mu 2010 kuti mitundu 20 pa 100 iliyonse ingathe kutha pofika 2080. Kusokonekera kwa chiwerengero cha aamuna ndi aakazi n'kongowonjezera pa ngozi imeneyo, ndipo kudzagwera makamaka agulo ndi analimata ena.

Pa mitundu imeneyi kudula mitengo kungasinthe kutentha kwa dothi mofulumira kuposa kusintha kwa nyengo ya dziko lonse, chifukwa malo amene anali pamthunzi chaka chatha chaka chino ali padzuwa. Kuti tidziwe mitundu imene ili pangozi yotere, kafukufuku ayenera kuphatikiza zinthu zitatu pa mtundu umodzimodzi: kuswetsa mazira ochuluka pa zigawo zingapo za kutentha n'kuwerenga ndi amene afa, kufufuza DNA ya aamuna ndi aakazi, ndiponso kuyeza kutentha m'zisa zenizeni nyengo yonse yoikira mazira. Mitundu imene yayesedwa mwa njira zitatu zonsezi ndi yochepa, ndipo yambiri mwa iyo ndi ya ku Australia.